Dzina la Atate Lalowa mu Gemu

Unali m'mawa. Dzuwa linali litangotuluka. Kunja kunkawomba mphepo ya mwera. Kunkazizira.

Evelina anadzuka pamphasa. Sanayambe wasukusula. Anayamba wayang'ana pakhoma. Chithunzi chake chinalipo.

Evelina ankakhala ku Yofu, pachilumba cha Likoma. Ankakhala ndi atate ake. M'nyumbamo anali awiri okha. Amayi ake anamwalira chaka chapitacho.

Evelina ankadikira chinthu chimodzi. Ankadikira gemu ya pachithunzipo, masewera a pa tivi.

Chithunzicho chinachokera kwa amalume ake, a Davis. A Davis ankakonza mawailesi ndi mativi ku Mzuzu. Anachidula m'magazini. Anachitumiza pa sitima.

Pachithunzipo panali mnyamata. Tsitsi lake linali la buluu. Lupanga lake linali lalitali kuposa nkhafi. Kumbuyo kwake kunali zilumba. Zilumbazo sizinali m'madzi. Zinali m'mitambo. Pakona panali chilombo cha nyanga zitatu.

Evelina sankakonda chilombocho. Ankachiphimba ndi chala.

Gemuyo ankaipanga ku Japani. Japani ndi dziko lakutali kwambiri. Amalume anati nalonso ndi dziko la zilumba. Anati gemuyo inali isanatuluke. Ikatuluka, mnzawo wa ku Joni adzawatumizira. Ndipo iwo adzabwera nayo ku Likoma.

Choncho Evelina ankadikira. Ankadikira popita kusukulu. Ankadikira potsuka mbale. Akaona nyanja, ankanena chamumtima. Sitima, bwera. Sitima, bwera.

Atate ake ankagwira ntchito padoko la ku Chipyela. Sitima siifika pamtunda. Imaima patali. Maboti ndiwo amatenga anthu ndi katundu. Boti likafika, atate ankalowa m'madzi. Ankasenza matumba pamutu. Masiku opanda sitima, ankasoka maukonde pakhomo. Anali munthu wosalankhula zambiri.

Loweruka lina anapita onse awiri ku Chipyela. Anayenda wapansi. Anadutsa pansi pa milambe. Anafika pagolosale ya mayi Constance.

Kwa mayi Constance kunali foni. Kunalinso tivi, m'chipinda chakuseri. Ku Chipyela kunali magetsi a jenereta. Ankazima masana, nthawi ya nkhomaliro. Ankayakanso dzuwa likapendeka. Kunyumba kwa Evelina kunalibe magetsi.

Foni inalira. Anali amalume.

Poyamba analankhula ndi atate. Kenako atate anatuluka kukagula ulusi wa ukonde. Foni anamupatsa Evelina.

Amalume anati gemu ija yatuluka. Anati yafika ku Mzuzu dzulo. Evelina analumpha. Analumphanso kachiwiri.

"Koma pali kanthu kamodzi," anatero amalume. "Mnyamata wa lupanga uja alibe dzina. Mwini gemu ndiye amamupatsa dzina. Mwini gemu ndiwe. Timutche ndani?"

Evelina anaganiza. Mnyamatayo anali wamphamvu. Anali wolimba mtima. Evelina ankadziwa munthu mmodzi wotero.

Koma mwana satchula dzina la atate ake. Evelina anali asanalitchulepo. Anayang'ana pakhomo. Atate panalibe. Anaphimba pakamwa ndi dzanja. Ananong'ona.

"Frederick."

Amalume anaseka. Anati ndi dzina labwino. Anati alilemba tsiku lomwelo, ayese ngati gemuyo ikugwira ntchito. Anati abwera pa sitima ya mlungu wamawa.

Pobwerera, Evelina ankadumphadumpha. Atate anafunsa chimene amalume anena. Evelina anati ndi chinsinsi. Atate anamwetulira. Sanafunsenso.

Madzulo ake Evelina anakumana ndi Cyprian. Cyprian anali mnzake wa kusukulu. Anapitako ku Nkhata Bay kamodzi. Chibwerereni, ankati amadziwa zonse.

Evelina anamuonetsa chithunzi. Anamuuza za sitima. Anamuuzanso za dzina.

Cyprian anatulutsa maso.

"Wamupatsa dzina la atate ako?"

"Inde."

"Iwe Evelina, sudziwa kanthu. Munthu wa mu gemu amafa. Ine ndinaona ndi maso angawa. Pamwamba pamakhala kamzere kofiira. Chilombo chikamumenya, kamzereko kamafupika. Kakatha, basi. Wagwa."

Evelina anachotsa chala pachithunzi. Anayang'ana chilombo chija. Nyanga zake zinali zosongoka.

"Nanga mwini dzina?" anafunsa.

Cyprian sankadziwa. Koma Cyprian sankakonda kunena kuti sakudziwa. Anangokweza mapewa.

"Kaya," anatero. "Koma ine sindikanapereka dzina la atate anga."

Atatero anathamangira mpira. Evelina anatsala yekha. Mphepo inkagwedeza chithunzi m'manja mwake.

Kutacha linali Lamulungu. Evelina ndi atate anapita kutchalitchi chachikulu cha ku Chipyela. Anaimba nyimbo. Anagwada. Kenako ansembe anayamba kutchula mayina.

Poyamba amatchula mayina a odwala. Kenako amatchula mayina a omwalira. Amatero Lamulungu lililonse.

Evelina anakumbukira chaka chapitacho. Anamva dzina la amayi ake m'tchalitchi momwemo. Marian. Analimva pa odwala. Analimvanso pa odwala. Kenako Lamulungu lina analimva pa omwalira.

Evelina anaganiza. Dzina la amayi linapita kwa odwala, amayi anadwala. Dzina la amayi linapita kwa omwalira, amayi sanabwerenso. Tsopano dzina la atate lapita mu gemu. Mu gemu muli chilombo.

Ndipo analipereka ndi iye. Analitchula ndi pakamwa pake.

Evelina anagwira malaya a atate. Anawagwira mpaka mapemphero atatha. Anawagwira njira yonse ya ku Yofu.

Lolemba, atachoka kusukulu, Evelina anathamangira ku Chipyela. Anafika ali wefuwefu. Anapempha mayi Constance kuti aimbire amalume. Ankafuna kuti amalume afufute dzinalo.

Mayi Constance anaimba. Foni ya amalume sinapezeke. Anaimbanso. Sinapezeke. Anati mwina netiweki yavuta ndi mphepoyi. Anafunsa ngati kunyumba kuli bwino. Evelina anati kuli bwino. Mayi Constance anamupatsa switi. Evelina anaiika m'thumba. Sanaidye.

Anafuna kuuza atate. Anatsegula pakamwa. Mawu sanatuluke. Akanena, atate adziwa kuti anatchula dzina lawo. Akanena za imfa, mwina imfayo imva.

M'malo mwake anayamba kulondera atate.

Atate akapita kumunda wa chinangwa, Evelina ankapita nawo. Atate akapita kukasamba, Evelina ankadikira pamwala. Atate akatsokomola, Evelina ankaimirira.

Tsiku lina atate ankasoka ukonde. Anadula ulusi ndi mpeni. Mpeniwo unawacheka chala. Panatuluka kadontho ka magazi.

Evelina anauma thupi. Mwina amalume ayatsa gemu ku Mzuzu. Mwina chilombo chamenya mnyamata uja. Mwina kamzere kofiira kafupika.

Anathamanga kukatenga nsalu. Anamanga chala cha atate. Anachimanga mpaka chinakula ngati mbatata.

Atate anayang'ana chalacho. Anayang'ana Evelina. Anati ndi kabala kakang'ono. Anathokoza. Anapitiriza kusoka ndi chala cha mbatatacho.

Atalowa m'nyumba, atate anaona pakhoma. Chithunzi chija chinali chotembenuza. Chinkayang'ana khoma. Anafunsa chifukwa chake. Evelina anati dzuwa likuchifwifwitsa.

M'nyumbamo simunkalowa dzuwa. Atate ankadziwa. Koma sanafunsenso.

Tsopano Evelina akaona nyanja, ankanena zina. Sitima, usabwere. Mwera, womba. Sitima, usabwere.

Mwera unawomba. Koma sitima inabwera.

Inabwera m'mawa. Inalira patali. Puuu. Ana onse a ku Yofu anathamanga. Kale Evelina ankakhala patsogolo. Tsikulo anali pambuyo.

Padoko panali anthu ambiri. Sitima inaima patali. Inatsitsa maboti. Mafunde anali aakulu. Boti linkakwera. Boti linkatsika.

Atate anavula malaya. Anapinda nsalu kukhala nkhata. Anaiika pamutu. Evelina anawagwira dzanja.

"Atate, lero musalowe m'madzi."

Atate anawerama. Anati katundu sayenda yekha. Anati mafunde amenewa anawazolowera. Anamusisita pamutu. Analowa m'madzi.

Boti loyamba linafika. Anthu anadumphira m'madzi. Ena anakweza nsapato m'mwamba. Ena anakweza ana. Pakati pawo panali amalume. Anasenza bokosi pamutu. Bokosilo linali lokulunga m'mapulasitiki.

Amalume ananyowa mpaka m'chiuno. Koma bokosi silinanyowe ngakhale pang'ono. Evelina anakhumudwa.

Amalume anamunyamula. Anati wakula. Anati gemu yake ndi imeneyi. Anafunsa chifukwa chake sakuseka. Evelina anayamba kuyankha. Koma ana anali atawazungulira. Cyprian ankakuwa kuposa onse. Onse anakokera amalume kwa mayi Constance.

Evelina anacheuka. Atate anali m'madzi mpaka pachifuwa. Boti lachiwiri linkabwera.

M'chipinda chakuseri munadzaza ana. Ena anakhala pansi. Ena anasuzumira pawindo. Amalume anatulutsa makina akuda. Analumikiza mawaya ku tivi. Anatulutsa chimbale chonyezimira. Anatulutsanso kabokosi ka mabatani.

Evelina anawakoka malaya.

"Amalume, fufutani dzina lija. Lembanipo langa."

M'chipindamo munali phokoso. Amalume ankalimbana ndi waya. Anati dzina linalowa kale. Anati likalowa silituluka. Anati asadandaule, analilemba bwino.

Tivi inayaka. Nyimbo inayamba. Panaoneka mitambo. Panaoneka zilumba zoyandama. Panaoneka mbalame zazikulu zoyera. Zinali zokongola kuposa pachithunzi. Ana onse anati eee.

Kenako panaoneka mnyamata wa tsitsi la buluu. Anaima pafupi ndi chitsime. Pamwamba pake panali zilembo. Evelina ankadziwa kuwerenga. Linali dzina la atate. Pansi pa dzinalo panali kamzere kofiira.

Amalume anamupatsa Evelina kabokosi ka mabatani. Evelina anabisa manja kumbuyo. Cyprian anati iye ndiye amadziwa. Anatenga kabokosiko.

Mnyamata anayenda. Anadutsa pamlatho. Analowa m'nkhalango.

"Cyprian, bwerera," anatero Evelina.

Cyprian sanamve. Nyimbo inasintha. Mitengo inagwedezeka. Chilombo cha nyanga zitatu chinatulukira.

Cyprian anadina mabatani onse. Mnyamata anamenya ndi lupanga. Chilombo sichinamve kanthu. Chinamugunda ndi nyanga. Kamzere kofiira kanafupika.

Chinamugundanso. Kamzere kanafupikanso.

Evelina anafuna kutseka maso. Maso anakana.

Chilombo chinamugunda kachitatu. Kamzere kanatha. Lupanga linagwa. Mnyamata anagwada. Anagwa pansi, khu.

Nthawi yomweyo tivi inangoti bii. Nyimbo inaleka. Babu la padenga linazima. M'chipindamo munangoti zii.

Evelina sanalire. Anadumpha miyendo ya anzake. Anatuluka. Anathamanga.

Anathamanga kudutsa pamsika. Anathamanga kudutsa pamilambe. Patapata imodzi inavuka. Sanaitole.

Anafika padoko. Panali matumba a chimanga. Panali makatoni a sopo. Panali malata ndi njinga. Panali amuna ambiri osenza katundu. Anayang'ana woyamba. Sanali atate. Anayang'ana wachiwiri. Sanali atate.

Malaya a atate anali pamwala. Nsapato zawo zinali pomwepo. Eni ake panalibe.

Evelina anayang'ana panyanja. Panali boti limodzi. Mafunde ankalimenya. Pambali pake panalibe munthu.

Analowa m'madzi. Madzi anafika m'mawondo. Anali ozizira. Funde linamukankha.

"Atate," anaitana. Mphepo inatenga mawu ake. Anaitananso. "Atate!"

Kuseri kwa boti kunatulukira thumba. Pansi pa thumba panali nkhata. Pansi pa nkhata panali nkhope ya atate.

Atate ankayenda pang'onopang'ono. Madzi ankatsika pathupi pawo. Anafika pamene panali Evelina. Evelina anawagwira mwendo. Anaugwira ndi manja onse awiri. Mwendowo unali wofunda.

Atate sanathe kuwerama. Thumba linali pamutu. Anayenda choncho mpaka pamchenga, thumba pamutu, mwana pamwendo. Anatula thumbalo. Anakhala pansi. Anadikira.

Pamenepo Evelina analira. Mawu onse anatuluka. Ananena za foni. Ananena za Cyprian. Ananena za kamzere kofiira, ndi chala chija, ndi tivi imene inati bii.

"Ndinatchula dzina lanu, atate. Ndinalipereka mu gemu. Mnyamatayo wafa."

Atate sanaseke. Sanakalipe. Anatenga dzanja la Evelina. Analiika pachifuwa pawo.

"Ukumva chiyani?"

"Mtima wanu."

"Ukugunda?"

"Ukugunda."

Kenako analoza kumwamba. Dzuwa linali pamutu. Anafunsa chimene chimachitika ku Chipyela dzuwa likafika pamenepo. Evelina anaganiza. Anapukuta mphuno.

"Magetsi amazima."

"Tsiku lililonse," anatero atate.

Evelina anapumira m'mwamba. Koma mantha sanathe onse. Mnyamata uja anagwa ndithu. Anaona yekha.

Atate anaona nkhope yake. Anauza anzawo kuti abweranso. Anavala malaya. Anati apite akaone okha mnyamata wa dzina lawoyo.

Panjira anakumana ndi amalume. Amalume ankamufunafuna Evelina. M'manja anali ndi patapata ija. Atate anawafotokozera mwachidule. Amalume anagwira pakamwa. Anapepesa. Anati phokoso linawatseka makutu.

Cyprian anali pakhonde la golosale. Atamva, anayang'ana pansi. Anakumba mchenga ndi chala cha kuphazi. Anati iye anangoti kaya.

Anadikira magetsi pakhonde pomwepo. Mayi Constance anatulutsa chinangwa chophika. Atate anadya. Amalume anadya. Evelina anangogwira chake m'manja. Dzanja lina linali pamalaya a atate.

Dzuwa linapendeka. Babu linayaka.

Onse analowa. Atate anakhala pampando. Evelina anaima pakati pa miyendo yawo. Amalume anayatsa makina.

Panaoneka mitambo. Panaoneka zilumba. Panaoneka chitsime chija. Pambali pa chitsime panaima mnyamata wa tsitsi la buluu. Lupanga linali m'manja. Kamzere kofiira kanali kodzaza.

Amalume anati gemu imatero. Munthu wake ndi chithunzi choyenda. Akagwa, amadzukanso pachitsime. Umayambiranso.

Atate anapempha kabokosi ka mabatani. Anakagwira ngati dzira. Zala zawo zinali zazikulu. Anadina batani limodzi. Mnyamata anayenda cham'mbali. Anagunda khoma. Anadinanso. Mnyamata anagundanso khoma lomwelo.

"Bambo a Evelina," anatero mayi Constance ali pakhomo, "thumba la chimanga mumalitha. Kabatani kokha kakukanikani?"

Ana anaseka. Atate anadina batani lina. Mnyamata anathamanga. Anaphonya mlatho. Anagwera m'mitambo. Kamzere kanatha.

Evelina anatembenuka msanga. Atate analipo. Ankakanda mutu.

Mnyamata anadzukanso pachitsime. Atate anayesanso. Anaphonyanso mlatho. Evelina anatembenukanso. Atate analipo.

Kachitatu, Evelina sanatembenuke. Anaseka. Anaseka mpaka anagwira pamimba.

Kenako analeka kuseka. Anaganiza kanthu kena. Ananong'oneza atate kukhutu.

"Nanga amayi? Iwo sangadzukenso?"

Atate anapereka kabokosi kwa amalume. Anatuluka ndi Evelina pakhonde. Anayang'ana kunyanja.

"Ayi, mwananga," anatero. "Amayi ako sanali chithunzi. Anali enieni. Anadwala matenda enieni. Dzina silinawatenge. Ansembe analitchula kuti tiwapempherere."

Evelina anamvetsera.

"Dzina lako nanenso ndimalitchula," anatero atate. "M'mawa uliwonse, popemphera. Taona, uli pano."

Evelina anatsamira paphewa la atate. Anakhala choncho kanthawi. Kenako anafunsa ngati akwiya chifukwa cha dzina lija.

Atate anapukusa mutu.

"Dzinalo ndi lalitali," anatero. "Litikwanira tonse awiri. Koma umuuze mnzangayo aphunzire kuwoloka mlatho."

Evelina anakumbukira switi ija. Inali idakali m'thumba. Anaiswa ndi mano. Theka anapatsa atate.

M'chipinda muja amalume anaitana. Anali atawoloka mlatho. Anali atazemba nkhalango ya chilombo. Anafika pamudzi wina. Pamudzipo panali mtsikana wonyamula nyali. Mtsikanayo ankafuna kuyenda ndi mnyamata wa lupanga. Nayenso analibe dzina.

Ana onse anatchula mayina awo. Cyprian anatchula la mbuzi yake. Amalume anati mwini gemu alipo.

Evelina anayang'ana atate. Atate anagwedeza mutu movomera. Evelina anatenga kabokosi ka mabatani. Anasankha zilembo chimodzichimodzi. Analemba dzina lake.

Tsopano pa tivi anali awiri. Wina ndi lupanga. Wina ndi nyali. Anayenda limodzi.

Atate anaimirira. Anati matumba akuwadikira padoko. Anati madzulo apita onse ku Yofu, ndi amalume omwe. Anati akakafika, chithunzi chija achitembenuze.

Evelina sanawagwire malaya. Anangoti apite bwino.

Atate anatsikira kudoko. Mphepo inali idakawomba. Anavula malaya. Anapinda nkhata yawo. Anasenza thumba la chimanga, nayamba kukwera nalo kumsika.